Mutu 6: Kalavati Yokwiririka

1. Nsapato zoyera

Mng'ono wanga timamutchula kuti Dona. Dzinali anam'patsa ndi Bambo ali ndi zaka zinayi, chifukwa mvula ikagwa ankaima pakhomo n'kumalira kuti wina amunyamule, asaponde matope. Wakula nalo dzinalo, ndipo khalidwe lake silinasinthe.

Bambo athu anagwira ntchito yoyeretsa ngalande za mumzinda zaka makumi atatu. Anthu a m'dera lathu dzina lawo lenileni analiiwala, amangoti a Ngalande. Anapuma ntchito zaka khumi zapitazo, koma majombo awo akadali kuseri kwa chitseko, ndipo fosholo yawo amaipakabe mafuta Loweruka lililonse ngati kuti mawa lake aitanidwa.

Ine ndinabwerera pakhomo pa Bambo ndi khanda langa, Tsabola, bambo ake atapita kukagwira ntchito kutali. Mayi anatisiya kalekale. M'nyumba ya zipinda ziwiri ija tinalimo anthu anayi, ndipo panalibe chimene munthu akanachita ine osachiona.

Dona atangomaliza sekondale anapeza ganyu ku kampani ina yokonza mapulani a ngalande zatsopano za mumzinda. Anam'patsa chovala chachikasu chowala, foni ya kampani, ndi ndodo yachitsulo. Malipiro ake oyamba anagulira nsapato zoyera mbee.

"Ndiye muyamba liti kukumba?" Bambo anamufunsa.

"Ife sitikumba, Bambo. Kandege kopanda munthu kanauluka kale n'kujambula mzinda wonse. Kompyuta ikudziwa pamene pali pokwera ndi pamene pali potsika, ngakhale chulu cha kuseri kwa sukulu ikuchidziwa. Imawerengera yokha kumene madzi a mvula angathamangire, kenako n'kujambula ngalande: idutse apa, ikule chonchi, izame chonchi. Ntchito ya chaka chathunthu, iyo m'mawa umodzi yamaliza."

"Nanga ngati ikudziwa zonse, iweyo akukufuniranji?"

"Imaona kuchokera kumwamba basi. Msewu imauona ngati khoma lotchinga madzi, pansi pake siiona. Ndiye ife timayenda kufufuza makalavati, mapaipi a simenti odutsa pansi pa msewu aja. Tikaipeza timaiyeza n'kudina 'ilipo'. Tikapanda kuipeza timadina 'palibe'. Ndodoyi ndi yobayira pamene pakwiririka."

Bambo anaitenga ndodoyo n'kuiyesa kulemera kwake.

"Tamvera, Dona. Makina akowo ine sindiwadziwa, ndipo sindinganyoze chinthu chimene sindichidziwa. Koma wanena wekha kuti pansi pa msewu ndi akhungu. Ndiye kuti maso awo ndiwe. Ukanama iwe, iwo sakutsutsa. Atenga bodza lakolo, aliwerengera bwinobwino, alijambula ndi mzere wowongoka, n'kulipereka kwa anthu ophunzira kuti asayinire. Ife kale kapitawo akalakwitsa tinkamuuza pomwepo, fosholo ili m'manja, kuti bwana, madzi a pano sapita uko. Makinawo adzawauza ndani? Kalavati siyankha ukaiitana uli pamwamba pa msewu. Umatsika, umanyowa, umanunkha. Ine ndanunkha zaka makumi atatu, ndipo madzulo aliwonse sopo ankandiyeretsa. Sopo akadalipo m'nyumba muno, mwana wanga. Uzitsika."

"Bambo inu ndi ulaliki!" Dona anaseka. "Akuti mwa ife anthu makumi awiri, atatu okha amene sapezeka ndi cholakwa alembedwa ntchito yokhazikika. Ya mu ofesi." Anaponya maso kuseri kwa chitseko. "Ine za majombo ayi."

2. Pa msewu wa kumsika

Linali Lachiwiri m'mawa. Ndinkachokera kusikelo, Tsabola ali kumsana, pamene ndinamuona Dona ataima m'mphepete mwa msewu waukulu, pafupi ndi msika. Ndinabisala pakhonde la golosale kuti ndisamusokoneze.

Pamalo pamenepo msewu ndi wokwera. Kumunsi kwake, mbali ya kumsika, kuli mulu wa zinyalala ndi mchenga umene wakhala ukukula chaka ndi chaka. Kumachita ntchentche ng'waa, ndipo ine podutsa ndimamufunditsa mwana kumaso.

Galimoto ya kampani inaima. Munatsika injiniya, bambo wamtali wa magalasi, amene ankayendera ana a ganyu aja. Nthawi yomweyo Bambo anatulukira kuchokera mumsika, atavala malaya awo ong'ambika paphewa, mtanda wa sopo uli m'manja.

"Mwanawe!" anakuwa asanafike n'komwe. "Pansi pa mulu umenewo pali kalavati yaikulu, munthu amalowamo chowerama. Ndinkaiyeretsa ndi manja angawa. Tsika ubaye pafupi ndi chitsa icho!"

Injiniya anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa Dona.

"Madala awa ukuwadziwa?"

Dona sanachedwe n'komwe.

"Ayi, bwana. Ndi madala ena a m'dera lino. Amakonda zolankhulalankhula."

Bambo anamva. Anaima kaye, kenako anavula chipewa monga amachitira kwa alendo.

"Pepani, ndakusokonezani pa ntchito," anatero, n'kumapita.

Foni ya injiniya inalira. "Uyang'anebe bwinobwino," anamuuza Dona akukwera galimoto.

Dona anatsala yekha. Anasuzumira kumunsi kuja, kumene madzi akuda ankanyezimira pakati pa mapepala. Anayang'ana nsapato zake. Anatambasula dzanja ali pamwamba pomwepo, nsonga ya ndodo n'kungokhudza mutu wa mulu uja. Anajambula chithunzi. Kenako chala chake chinadina pa foni, kamodzi kokha, mofulumira.

Masana ndinamupeza kuseri kwa nyumba akupukuta nsapato zija ndi kansalu konyowa.

"Unadina chiyani paja?"

"Achemwali, inu zanu ndi matewera. Za kuntchito zisiyireni eni ake."

Bambo za kumsikazo sanazitchule kwa iye. Anangondiuza ine ndikuwapatsira madzi osamba: "Kundikana andikane, ndi mwana. Bola kalavati ija wailemba."

Ndinayankha kuti inde. Sindikudziwa chimene ndinkavomera.

3. Mzere wofiira

Patatha milungu itatu, Dona anabwera kunyumba masana dzuwa lili paliwombo. Anandipeza ndikuyanika matewera. Anandikokera kuseri kwa bafa n'kundionetsa foni.

Anali mapu a dera lathu. Ndinazindikira msika, sukulu, ngakhale denga lathu. Mzere wofiira unayambira pa mulu wa zinyalala uja, n'kutsata msewu waukulu, n'kukhotera mu kanjira kathu. Kenako unadutsa pakati penipeni pa nyumba za kumunsi kwa kanjirako mpaka kukafika kumtsinje.

Ndinaziwerenga ndi chala. Zisanu ndi ziwiri.

"Chimenechi n'chiyani?"

"Ngalande yatsopano. Mamita anayi m'lifupi. Kompyuta yaona kuti madzi onse a kumsika alibe podutsira msewu, ndiye yawapezera njira ina. Nyumba zimenezi zigwetsedwa." Analoza denga lathu. "Yathu ili kumtunda, siikhudzidwa. Ndipo madzi aja amalowa pakhonde pathu adzatheratu."

"Nanga ikanadziwa za kalavati ija?"

"Mzerewu ukanadutsa pansi pa msewu n'kukathera kudambo la kutsidya, kopanda nyumba. Ndaona akuchita pamalo ena. Ukangowonjezera kalavati imodzi, imawerengeranso, mzere n'kusuntha wokha."

"Ndiye ukudikira chiyani? Pita ukanene!"

"Mayina atuluka Lolemba, achemwali. Ndili pa atatu aja, andinong'oneza kale. Ndikakanena, afunsa kuti bwanji sunatsike. Afunsanso kuti madala aja anali ndani." Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa. "Musanene. Ndapota nanu."

Tisanathe kulankhula tinamva odi pakhomo. Anali Atelala, mayi wamasiye wa nyumba yachitatu kumunsi kuja. Ndi iwo amene amandisungira Tsabola ndikapita kumsika. Ndi iwonso amene ankamusokera Dona yunifolomu kuyambira ali ku pulayimale. Anabwera ndi siketi yabuluu atayipinda pamkono.

"Ali kuti bwana wathu wa mu ofesi? Bwera kuno uyese, ndione ngati m'chiuno sindinaphonye. Ndamva kuti Lolemba ukakhala pa mpando wozungulira."

"Sizinadziwike, mayi," Dona anayankha maso ali pansi.

"Aa, zadziwika kale! Nsaluyi ndinaisunga zaka ziwiri, ndimati ndidzamusokera Dona tsiku lake likadzafika. Koma undimvere, mwana wanga. Mu ofesi anthu amaoneka ang'onoang'ono, chifukwa umawaona pa pepala. Ine mwamuna wanga atamwalira ndinayenda maofesi asanu, ndipo kulikonse ndinali nambala. Iwe usadzatero. Pepala likafika pa tebulo lako uzikumbukira kuti kuseri kwake kuli munthu amene ali ndi mbale zake, bedi lake, ndi mwana wodwala chifuwa. Tembenuka ndione kumbuyoko."

Dona anatembenuka. Siketiyo inamukwana ndendende.

4. Msonkhano

Loweruka a kampani anaitanitsa anthu a m'dera lathu ku holo ya sukulu. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti mwana akalira nditulukire. Dona anakhala kutsogolo ndi anzake a zovala zachikasu.

Injiniya anawalitsa mapu aja pakhoma. Anafotokoza modekha, ndipo sanali munthu wamwano. Anati mvula ya chaka chatha inalowa m'nyumba zambiri, ndipo ngalande yatsopano ipulumutsa dera lonse. Anati kompyuta inayesa njira zoposa chikwi n'kusankha yabwino koposa. Kenako anati nyumba zisanu ndi ziwiri ziyenera kuchoka.

Atelala anadzuka, napita kufupi ndi khoma, n'kuloza ndi chala chimene amavalapo kachitsulo kosokera.

"Bwana, mzere wanuwu wadutsa pamene pamakhala makina anga. Nanga kompyutayo inafunsa kuti ndikasokera kuti?"

"Za kumene mupite tikambirana, mayi," injiniya anayankha. "Koma madzi alibe njira ina. Msewu uwu wawatsekera."

Apa Bambo anaimirira. Anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi.

"Bwana, ine sindinaphunzire, koma msewu umenewo sunatseke madzi. Pansi pake pali kalavati. Pamene ndinkayamba ntchito inalipo kale, ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe tinkalowamo anthu awiri, wina uku wina uko, n'kukumana pakati. Nditapuma, palibe analowamonso. Msika unakula, anthu n'kuyamba kutayirapo zinyalala, mchenga n'kumabwera pamwamba. Madzi amene akuvutitsa anthuwa si madzi osowa njira ayi. Njira yawo yatsekedwa ndi ulesi wathu. Ifukuleni, ikakhala yaing'ono muikulitse. Koma musagwetse nyumba za anthu chifukwa cha mulu wa zinyalala."

Agogo awiri anavomereza kuti ankaiona kale. Ena onse ndi anthu obwera posachedwa, anangoyang'anana.

"Madala, ndakukumbukirani," injiniya anatero. "Mwina kale inalipo, koma misewu imakonzedwanso, zakale n'kuchotsedwa. Ife timatsata zimene zapezeka lero. Mwamwayi amene anayeza malowo ali pompano." Anakodola Dona. "Tauza anthuwa. Unabaya ndi ndodo paja?"

Dona anaimirira. Anayang'ana kukhoma, kumene mzere wofiira unali ukuwala. Anayang'ana Atelala, amene anamumwetulira ngati akumulimbitsa mtima. Koma kwa Bambo sanayang'aneko.

Tsiku lokhalo limene ndinkafuna kuti Tsabola alire nditulukire panja, iye anali m'tulo tofa nato.

"Ndinabaya, bwana," Dona anatero. "Palibe."

Anthu anayamba kusokosera. Mnyamata wina wogulitsa makala anakuwa kuti, "A Ngalande akalamba, akulota ntchito!" ndipo ena anaseka. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza: "Mwana wawo yemwe akuti palibe. Ndiye kuti palibedi."

Ine ndinali nditaona chala chija chikudina. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinaweramira mwana n'kumakonza chipewa chake chimene chinali bwinobwino kale.

Titafika kunyumba Bambo anavula jekete, naikoleka pa msomali, n'kumuitana Dona. Sanakweze mawu.

"Khala apo. Sindikumenya, sindinakumenyepo. Tsiku lija kumsika unati sundidziwa, ndinati ndi ubwana, malaya anga anali ong'ambika. Lero wandisandutsa chitsiru pamaso pa anthu, nazonso ndipirira, kusekedwa ndinakuzolowera. Amene amandiseka ndikutuluka m'ngalande ndi omwewo ankagona pouma. Koma mayi uja wakumwetulira pamene iwe ukumugwetsera nyumba. Ukuganiza kuti zathera mu holo muja? Ukhala mu ofesi, inde. Udzayenda mu kanjira kano m'mawa uliwonse, m'mbali mwa ngalande ya mamita anayi, ndipo udzadziwa pamene panali khitchini ya uje, pamene panali khonde la uje. Anzako adzaona simenti, iwe udzaona nyumba. Ndinakuphunzitsa ndi fosholo kuti usadzagwire fosholo, zimenezo ndinazifuna ndekha. Sindinadziwe kuti ndikukuphunzitsa kuopa matope kuposa kuopa bodza."

Dona analira, koma sananene kuti akakonza. Anangolowa kuchipinda n'kukoka katani.

Loweruka limenelo Bambo sanaipake mafuta fosholo. Anainola.

5. Fosholo

Lolemba m'mawa Dona anavala siketi yabuluu ndi nsapato zoyera n'kupita ku ofesi. Cha m'ma eyiti ananditumizira uthenga wa mawu awiri: "Anditenga, achemwali."

Nthawi yomweyo anthu awiri a kampani anali akuyenda mu kanjira kathu ndi chitini cha penti. Nyumba iliyonse ya kumunsi ankaijambula mtanda wofiira pakhoma. Wa kwa Atelala unagwera pansi pa windo, penti n'kuyenderera mpaka pa maluwa awo.

Bambo anavala majombo. Anatenga fosholo ndi piki.

"Bambo, msana wanu uja," ndinatero. "Adokotala anakuletsani zonyamula."

"Amake Tsabola, tseka chitseko, ntchentche zingalowe."

Ndinatseka, koma ndili panja. Ndinabereka mwana n'kuwatsatira.

Anatsikira kumunsi kwa msewu chafutambuyo, akugwira udzu. Anayeza mapazi anayi kuchokera pa chitsa chija n'kuyamba kukumba. Fungo linabuka moti amayi ogulitsa tomato anasuntha mabeseni awo akutukwana.

"A Ngalande, mukufuna golide?"

"Asiyeni, akusaka penshoni yawo!"

Bambo anapitiriza kukumba. Ankaponya zinyalala ndi matope akuda m'mwamba, n'kumagwera m'mphepete mwa msewu. Akakumba pang'ono ankaima, dzanja lili m'chiuno, akupuma ngati munthu wothamanga. Ine ndinkawerenga kupuma kwawoko, ndipo nthawi iliyonse kunkatalika.

Cha m'ma leveni Atelala anafika ndi beseni lawo lochapira. Anakwinya chitenje, natsika, n'kuyamba kuwola zimene Bambo ankafukula.

"Mwana wanu akuti palibe," anatero akusenza beseni. "Inu mukuti ilipo. Ine nyumba ndili nayo imodzi, ndiye ndikumba nawo."

Dzuwa linapendeka. Dzenje linafika m'chifuwa mwa Bambo. Oseka aja anatopa n'kubwerera ku malonda awo. Ndinayamwitsa mwana kawiri nditakhala pa mwala, maso ali pa msana wa Bambo.

Kenako fosholo inalira mosiyana. Ngwee!

Bambo anagwada n'kuyamba kupalasa ndi manja. Panaoneka simenti yotuwa, yopindika ngati mkombero wa mbiya yaikulu. Analowetsa mpini wa piki kunsi kwake, ndipo mpiniwo unalowa wonse osagunda kanthu. Madzi akuda a pa dzenjepo anayamba kuzungulira pang'onopang'ono n'kumamira pansi pa msewu.

Atelala anakhala pansi pa zinyalala pomwepo, beseni lili pamiyendo. Anayang'ana simentiyo nthawi yaitali, kenako anakweza maso n'kundiyang'ana ine.

"Amake Tsabola, mwana uja anati anabaya."

Pomwepo ndinamva galimoto ikuima kumbuyo kwanga. Inali ya kampani. Injiniya anatsika, akudabwa ndi matope amene anadzaza m'mphepete mwa msewu. Anasuzumira m'dzenjemo. Anavula magalasi, nawapukuta, n'kuwavalanso. Anayang'ana simenti ija, anayang'ana Bambo, amene anatsamira fosholo osakweza mutu.

Kenako anabwerera ku galimoto n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Dona anali mmenemo, foni yatsopano ya ofesi ili pamiyendo, pamwamba pa siketi yabuluu.

"Tsika," injiniya anatero. "Ndipo usanatsike undiyankhe. Ndikufunsa kachiwiri. Madala awa ukuwadziwa?"

Dona anatulutsa phazi limodzi. Pansi pa chitseko panali matope akuda amene Bambo anaponya tsiku lonse, ndipo panalibe pouma poti n'kupondapo. Nsapato yoyera ija inangolendewera m'malere.